Maina a Pamsewu Sanena Zonse

Mumzinda wa Madison, likulu la dera la Wisconsin ku America, misewu yambiri ya pakati pa mzinda ili ndi maina a anthu amene adasaina malamulo oyendetsera dzikolo ku Philadelphia pa 17 Sepitembala, 1787. Osainawo adalipo 39. M'chaka cha 1836, James Duane Doty, polemba mapu a mzinda watsopanowu, adautcha dzina la James Madison, yemwe adamwalira chaka chomwecho, ndipo misewu adaipatsa maina a anzake: Washington, Hamilton, Franklin, Pinckney, Butler, Carroll ndi ena.

Ganizo limeneli tiliyamikira. Mwana wopita ku sukulu amaphunzira mbiri ya dziko lake ndi mapazi. Ife Akatolika tikondwera kuona dzina la Daniel Carroll, mmodzi mwa Akatolika awiri okha amene adasaina, mbale wake wa Ambuye John Carroll, Episkopi woyamba wa ku Baltimore.

Komabe makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malamulo omwewo adalola kuti malonda obweretsa akapolo kuchokera kunja asaletsedwe chisanafike chaka cha 1808. Adalamula kuti pogawa mipando ya nyumba ya malamulo, akapolo asanu awerengedwe ngati anthu atatu. Pierce Butler ndiye adalimbikira kuti kapolo wothawira ku dera lina abwezedwe kwa mbuye wake. Carroll wathuyo nayenso adali ndi akapolo. Zonsezi chikwangwani cha pamsewu sichitchula. Chimalemekeza dzanja limene lidalemba, chimaiwala manja amene adamangidwa. Ndipo tisathamangire kuloza anzathu chala, pakuti m'chaka cha 1838 ansembe Achiyezuiti a ku Maryland adagulitsa akapolo 272 pofuna kubweza ngongole za sukulu ya Georgetown.

Kodi tsono maina otere achotsedwe? Ife tikuti iyayi. Eklezia adatiphunzitsa njira ina. Matchalitchi ochuluka timawatcha dzina la Petulo Woyera, koma chaka ndi chaka, pa Mlungu Woyera, timawerenga poyera m'mene iye adakanira Ambuye katatu. Alembi a Mthenga Wabwino sadabise manyazi a mkulu wa Apostoli, ndipo ulemu wake sudachepe. Cholakwa cha dzina la pamsewu n'chakuti limaima lokha, lopanda wolifotokoza.

Ntchito yofotokozayo ndi yathu, makolo. Pamene mwana atifunsa za dzina la msewu, la sukulu, kapena dzina la agogo limene tidampatsa, timuuze zabwino ndi zoipa zomwe. Mwana amene wamva zokoma zokhazokha, tsiku lodzamva zinazo kwa anthu apadera adzakayika zonse zimene tidamuuza, ngakhale za chikhulupiriro chathu.