Matti Pellonpää, Katswiri Wosapempha Chisoni

Wochita zisudzo akafuna kuti anthu amumvere chisoni, njira yachidule ilipo: agwire kumutu, akweze mawu, misozi itsike. Matti Pellonpää wa ku Finland njira imeneyi sankadzerako. Nkhope yake ukaiona kamodzi sungaiiwale: masharubu olendewera, chibwano chobwerera m'kati, tsitsi lopesera kumbuyo, maso otopa. Nkhope imeneyi ankaigwira kuti isasunthe, ndipo luso lake lonse linagona pa kudziwa nthawi yoilola kugwedezeka pang'ono chabe.

Anabadwira ku Helsinki pa 28 Malichi 1951, ndipo anthu anayamba kudziwa liwu lake asanaone nkhope. Mu 1962, ali ndi zaka 11, anali atayamba kale masewero pa wailesi ya Yleisradio. Pa wailesi palibe amene amaona manja ako. Womvera amangomva liwu, mpweya, ndi kachete ka pakati pa mawu awiri. Atamaliza sukulu ya zisudzo mu 1977, anasewera ku Ryhmäteatteri, gulu la zisudzo la ku Helsinki. Pa siteji thupi limaphunzira kukuza chilichonse kuti wokhala kumbuyo kwenikweni naye aone. Zimenezo Pellonpää ankazitha, mpaka ankaimba m'gulu la Peltsix, lotengera dzina limene anzake ankamutchula, Peltsi. Choncho kudekha kwake pa kamera sikunali kusowa chochita. Anali munthu woti mphamvu ali nazo, n'kusankha kuzisunga.

Amene anazindikira zimenezi ndi anyamata awiri apachibale opanga mafilimu, Mika ndi Aki Kaurismäki. Mika anamupatsa gawo lalikulu mu Arvottomat mu 1982, ndipo chaka chotsatira Aki anamuika mu Rikos ja rangaistus. Aki sankafuna wosewera wokuwa kapena woponya manja. Ankafuna munthu woti anene mawu mosakometsera, ayatse ndudu, akhale phee. Kwa wosewera wamba lamulo lotere limaumitsa nkhope ngati chikuni. Kwa Pellonpää linatsegula khomo.

Taonani Varjoja paratiisissa ya 1986, imene inapata mphoto ya Jussi ya filimu yabwino koposa m'dzikomo. Pellonpää ndi Nikander, dalaivala wa galimoto yonyamula zinyalala. Mnzake wachikulire wa kuntchito, amene ankalota zoyambitsa kampani yake, wagwa n'kufa ali pa ntchito pomwepo. Nikander sakulira, akungopita kukamwa. Pali mkazi, Ilona, wolandira ndalama m'sitolo, amene anasewera ndi Kati Outinen. Tsiku lina Ilona akumumanga bala la padzanja, ndipo Nikander akuyang'ana dzanjalo, akuyang'ana pansi, maso akungomuba mkaziyo kamodzi n'kubwerera msanga. Chikondi chonse chanenedwa pamenepo. Atapeza mpata wotuluka naye, akumutengera ku holo ya bingo. Mkazi wavala bwino, mwamuna ali kalikiliki kuchonga manambala. Wosewera wina akanatsinzinira diso kwa oonera kuti adziwe kuti apa ndi poseka. Pellonpää akuchonga ndi mtima wonse, monga munthu amene akukhulupirira kuti wapereka zabwino zonse zimene ali nazo. Umaseka, kenako kuseka kumakutsamwa pakhosi.

Amati chetechete sautsa nyama, koma mu Night on Earth ya Jim Jarmusch ya 1991 chete wa munthu uyu amautsa. Filimuyi ndi ya madalaivala a takisi m'mizinda isanu usiku umodzi, ndipo Helsinki ndiyo yomaliza. Kunja kuli chipale chofewa, kukuyandikira kucha. Dalaivala Mika, amene ndi Pellonpää, wanyamula amuna atatu oledzera. Mmodzi wagoneratu, ndipo anzake akufotokoza tsoka lake: ntchito yatha, galimoto yaphwanyika, banja likupasuka. Dalaivala akumvetsera, kenako akuyamba yake. Iye ndi mkazi wake anadikira mwana nthawi yaitali. Mwana anabadwa masiku asanakwane. Poopa kuti amwalira, bamboyo anaumitsa mtima kuti asamukonde. Tsiku limene anagonja n'kuvomera kumukonda, anakafika kuchipatala mwana atapita kale.

Nkhani imeneyi ndi msampha kwa wosewera aliyense, chifukwa imaitana misozi yokha. Pellonpää akuinena manja ali pa chiwongolero, maso ali pamsewu. Liwu silikwera. Pamene pali popweteka kwambiri akungochedwa pang'ono, ngati akufuna kuona bwino njira, n'kupitiriza. Akulira ndi aja akhala kumbuyo. Iye wasiya malo oti ena alire, ndipo woonera amapezeka ali m'gulu la olirawo. Ulendo utatha, akupempha ndalama yake ya takisi monga mwa nthawi zonse.

Umboni woti luso lake silinadalire mawu unabwera mu 1992 ndi La Vie de Bohème, imene Aki anajambula ku Paris m'Chifalansa. Pellonpää Chifalansa sankachidziwa, mawu ake anachita kuwaloweza potsata kamvekedwe. Anasewera Rodolfo, wojambula zithunzi wa ku Albania wopanda mapepala okhalira m'dzikomo, amene akuthamangitsidwa n'kubwerera atabisala m'buti ya galimoto chifukwa cha Mimi, mkazi amene amamukonda. Lilime lolemeralo linamukhala Rodolfo, poti naye ndi mlendo. Zotsalazo anazichita ndi mapewa, ndi kagwiridwe ka chipewa, ndi mmene amaimira pambali pa bedi la Mimi atadwala. Chaka chomwecho analandira mphoto ya Felix ya wosewera wamwamuna wopambana ku Ulaya konse.

Nthabwala nazo ankazichita ndi nkhope yomweyo. Mu Leningrad Cowboys Go America ya 1989 ndi Vladimir, manijala wankhanza amene amadyetsa oimba ake anyezi iye akumwa mowa wobisa, osamwetulira ngakhale kamodzi. Mu Pidä huivista kiinni, Tatjana ya 1994 ndi Reino, makaniko wodzitama pakati pa amuna anzake koma wouma pakamwa akaona mkazi. Ulendo wonse akungopapira botolo. Tatjana, mkazi amene ali naye pa ulendowo, atakhala pambali pake n'kutsamira mutu paphewa lake, mkono wa Reino ukukwera mwapang'onopang'ono mpaka kumukumbatira. Filimu yonse inkadikira mkono umenewo, ndipo iye anadziwa kuti sufunika kufulumira.

Anamwalira ndi matenda a mtima ku Vaasa pa 13 Julayi 1995, ali ndi zaka 44. Aki anali atamukonzera gawo lalikulu mu Kauas pilvet karkaavat. Anailembanso nkhaniyo kuti Kati Outinen aitsogolere, ndipo filimuyo itatuluka mu 1996 anaipereka kwa malemuyo. Chithunzi cha mwana womwalira chimene chili pa shelefu m'nyumba ya banja la m'filimumo ndi cha Pellonpää ali wamng'ono.

Anthu amene ankawasewera ndi aja mafilimu ambiri amawasandutsa choseketsa kapena chomvetsa chisoni: wotola zinyalala, mkaidi, chidakwa, mlendo wopanda mapepala. Pellonpää sanawapemphere chifundo kwa oonera. Anawapatsa manyazi, kunyada ndi chinsinsi chawo, monga alili munthu aliyense. Wophunzira zisudzo amene akufuna kudziwa kusiyana kwa nkhope youma ndi nkhope yosunga kanthu ayambe ndi gawo la Helsinki la Night on Earth, aonere kawiri, kachiwiriko atatseka mawu.