Fomu yosungitsira malo ogona m'paki ikulankhula ndi yani?

Fomu ya pa intaneti yosungitsira malo okhomapo tenti ili ndi mizere yowerengeka chabe, ndipo munthu wozolowera amaimaliza m'kanthawi kochepa. Komabe aliyense wolemba fomu amakhala ndi munthu wina m'maganizo, ndipo munthuyo amaonekera m'mafunso amene afunsidwa. Tiyeni tiiwerenge mzere ndi mzere titakhala pa Chinguluwe, m'boma la Salima, kwa alimi a thonje ndi chimanga amene malo otetezedwa sali nawo patali: malo a nyama a Kuti kufupi ndi tauni ya Salima, nkhalango ya Thuma kumapiri, zilumba za Maleri zomwe ndi gawo la Lake Malawi National Park, komanso Nkhotakota Wildlife Reserve ukatsata msewu wa M5 kulowera kumpoto. Si malo onse m'dziko muno omwe ali ndi fomu yotere. Ena amangolandira uthenga wa pa imelo kapena pa WhatsApp. Koma kumene fomu ilipo, kuno kapena kunja, mafunso ake amafanana.

Imayamba ndi kalendala: tsiku lofika, tsiku lonyamuka. Funsoli ndi lomveka, chifukwa malo okhomapo tenti ndi ochepa ndipo oyang'anira ayenera kudziwa amene akubwera. Ku California, m'mapaki a boma, malo amatsegulidwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo otchuka amatha mwamsanga. Vuto la anthu osungitsa malo koma osabwera linakula mpaka mu 2023 anakhazikitsa lamulo lothana nalo. Kalendala yotere imafuna munthu wa malipiro a pamwezi, wodziwa lero kuti tchuthi chake chidzagwa liti. Mlimi wa pa Chinguluwe amadziwa mphamvu ya m'thumba mwake thonje likakwera pa sikelo, kapena gulu la banki mkhonde likagawana ndalama. Ulendo wake umapangidwa ndalama ili m'manja, mwina kutatsala masiku awiri.

Kenaka pamabwera funso loti akuluakulu ndi angati, ana ndi angati. Timabokosi take tinapangidwira banja laling'ono, pamene ife maulendo oona malo timakonda kuyenda pagulu: kwaya, achinyamata a kumpingo, kalasi yonse ndi aphunzitsi awo.

Pa mzere wa imelo nthawi zambiri pamakhala kanyenyezi kofiira. Kanyenyeziko kakutanthauza kuti ukasiya posalemba, fomu sipita patsogolo. Taganizirani mphunzitsi wa pulayimale ali pakhonde la sitolo, wagula bandulo yochepa, akukuza tsamba ndi zala ziwiri pa foni yong'aluka galasi. Imelo anatsegula kalekale pofunsira ntchito, mawu achinsinsi anaiwala. Nambala ya foni ali nayo, ndipo ndi imene amalandirirapo ndalama, uthenga wa maliro ndi mitengo ya mbewu. Fomu ikanatha kutenga nambalayo ngati chizindikiro chokwanira, koma imaiyika pambuyo, ngati chongowonjezera.

Mzere umene umandigwira mtima ndi wa unzika. M'mapaki akuluakulu a dziko lino mtengo wolowera uli m'magulu atatu: mzika ya Malawi, mlendo wokhala m'dziko muno, ndi mlendo wochokera kunja. Mmalawi amalipira zochepa kwambiri, ndipo chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 kudzitsimikizira pageti sikovutanso. Apa pokha ndi pamene fomu imatchula munthu wa pa Chinguluwe mwachindunji, ndipo zimene ikunena ndi zazikulu. Ikuvomereza kuti mapakiwa ndi ake, kuti sakubwera ngati kasitomala wamba. Kuvomereza kumeneku kuli ndi mbiri kumbuyo kwake. Thuma inakhazikitsidwa mu 1926, nthawi ya atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri anthu a m'mphepete mwake akhala akugona panja kupirikitsa njovu m'minda. Ku Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, kunasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Amene amakhala moyandikana ndi nyama zimenezi chaka chonse ndi anthu a m'midzi. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2004, linatsegula njira yoti anthu ozungulira azitenga nawo mbali ndi kupindula. Mtengo wotsika wa mzika ndi kachidutswa ka lonjezo limenelo, ndipo ndi woyenera kuuteteza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mzere wotsatira umalanda zimene wa unzika wapereka. Polipira, fomu imafuna nambala ya khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo wogona kawirikawiri umalembedwa m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala ya pa fomu ikanatha kukhala yomweyo, koma kwa wolipira m'makwacha mtengo unakwera tsiku limodzi. Pa msika uliwonse m'boma la Salima mupeza ajenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ali pansi pa ambulera. Ndalama za kumudzi zimayenda pamenepo. Fomu yosadziwa njira imeneyi ili ngati mwininyumba amene wakuitana kuti ulowe koma chitseko wakhoma.

Palinso funso la galimoto: mtundu wake ndi nambala yake, popeza galimoto nayo imalipira pageti. M'nkhalango ya njovu ndi njati lamulo losayenda pansi popanda woperekeza ndi loteteza moyo, ndipo sindikulitsutsa. Chimene chikusowa ndi funso lina pambali pake, lofunsa ngati munthu akufuna kudzatengedwa pageti, kapena kubwereka tenti. Wobwera pa minibasi kapena pa kabaza sanawerengedwe. Malo a Kuti, komwe kulibe zilombo zolusa ndipo munthu amaona mbidzi akuyenda pansi kapena pa njinga, ndi umboni woti kuona nyama sikulira galimoto nthawi zonse.

Pamapeto pali kabokosi kochonga kuti wavomereza malamulo onse. Malamulowo ndi amene ali ofunika kuposa china chilichonse pa tsambalo: kosonkhera moto, kusadyetsa anyani, kusatola nkhuni, kusasamba mumtsinje wa ng'ona ngati Bua, ndalama zimene umataya ukalephera kubwera. Amalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono. Chenjezo lokhudza moyo wa mwana wa sukulu liyenera kumveka kwa kholo limene lasayina kalata yomuloleza kupita.

Inu a ku nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndi mabungwe amene mumagwira nawo ntchito, fomuyi ilembedwenso m'Chichewa, ilandire nambala ya foni m'malo mwa imelo, ionetse mtengo wa mzika m'makwacha wolipirika pa foni, ndipo malo angapo muzisiyira sukulu ndi anthu ofika pageti tsiku lomwelo.