Wojambula ndi Womasulira: Mawu Amene Akusoweka pa Ntchito ya Ekisire

Munthu akagundidwa ndi galimoto usiku pa Msundwe, abale ake amathamangira naye ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Pobwerako amangonena kuti, "Amuunika." Mawu amodziwa abisa ntchito ziwiri zosiyana, ndipo omasulira mabuku a zaumoyo akhala akuwatsatira mosafunsa.

Chingerezi chimasiyanitsa radiographer, amene amagoneka wodwala pa makina ndi kutulutsa chithunzi, ndi radiologist, dokotala amene amapenda chithunzicho ndi kulemba zimene wapeza. M'Chichewa onse awiri amatchedwa "adokotala a ku ekisire". Kale vutoli linkaoneka laling'ono. Koma ku Britain, m'zaka za m'ma 1980, ojambula a m'zipinda za odwala mwadzidzidzi anayamba kuika kadontho kofiira pa chithunzi chimene akuganiza kuti chikuonetsa fupa lothyoka, ndipo m'ma 1990 ena anaphunzitsidwa kulemba okha zotsatira. Ku Malawi, kumene madokotala a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri, chithunzi chimapendedwa kawirikawiri ndi kiliniko ofesa, amene nthawi zina amafunsa maganizo a wojambula. Choncho wodwala akauzidwa kuti fupa lili bwino, ayenera kudziwa ngati amenewo ndi maganizo chabe kapena chigamulo cholembedwa cha munthu amene adzayankhe mlandu fupalo likapola mokhota.

Mneni "kuunika" sangathandize. Amaunika magazi, amaunika mayi woyembekezera, amaunikanso ndi tochi m'khola la nkhuku. "Kuwerenga chithunzi", kumene olemba ena amakukonda, ndi Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa: Mchewa amawerenga kalata, ng'ombe ndi ndalama, osati nthiti. Dzina loti "wojambula" palokha ndi loona, koma limakumbutsa mnyamata wa kamera wa pa ukwati, ndipo limachepetsa munthu amene anaphunzira za mafupa ndi za kuopsa kwa cheza ku Malawi College of Health Sciences.

Chofunika ndi aneni atatu. "Kujambula m'thupi" kukhale kutulutsa chithunzi. "Kuloza" kukhale kusonyeza pamene pakukayikitsa, monga muja kadontho kofiira kamachitira. "Kumasulira" kukhale kulemba zotsatira ndi kusainira. Ena angadandaule kuti kumasulira ndi kwa maloto ndi zilankhulo. Dandaulolo n'lofooka, pakuti womasulira m'khoti nayenso amanena zimene ena sakuzimva, ndipo akalakwitsa munthu amavutika. Ubwino wake ndi woti aneniwa amatchula ntchito, osati udindo, kotero wojambula amene waphunzira kumasulira sadzafunika dzina latsopano.

Kalembedwe nakonso kakonzedwe. Chilembo cha x mulibe m'Chichewa, ndipo malamulo a 1990 a bungwe la Chichewa Board amafuna r pambuyo pa i ndi e. Motero palembedwe "ekisire", osati "ekisile".