Mawu Obadwira Pabwalo la Masewero

Mu 1894, Chuman Kanae wa ku Japan adapatsa masewero a baseball dzina la m'chiyankhulo chake, yakyu, kutanthauza mpira wa pabwalo. Kuno ku Malawi, pa mpira wamiyendo, ntchito yotereyi adaigwira ndi osewera ndi ochemerera. M'mabwalo a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo mumamveka golo, chigoli, penate ndi goloboyi. Pamene Chingerezi chili ndi liwu limodzi, goal, Chichewa chidasiyanitsa: golo ndi malo, chigoli ndi chowerengedwa, ndipo zikachuluka ndi zigoli. Akonzi amene amakana mawuwa nabwerera ku Chingerezi amalakwitsa. Liwu lomvera malamulo a Chichewa ndi lathu. Lilembedwe m'nyuzi ndi kuphunzitsidwa m'kalasi.