Msampha wa "in-" Pomasulira Mawu a Chingerezi

Pali chizolowezi choika pamodzi mawu a Chingerezi oyamba ndi in-, n'kuwauza ophunzira kuti mphatikira ameneyu amasonyeza kukana. Lamuloli limagwiradi ntchito pa invisible, chosaoneka, ndi incomplete, chosakwanira. Komabe n'loperewera, ndipo likhoza kupweteketsa anthu.

Chingerezi chidatenga a in- awiri kuchokera ku Chilatini: wina wokana, wina wotanthauza "m'kati". Wachiwiriyu ndiye ali mu inject, kubaya jakisoni, ndiponso mu inflammable, liwu lochokera ku inflammare, kuyatsa moto. Choncho chinthu chotchedwa inflammable n'chosachedwa kugwira moto. Womasulira wotsata lamulo lija adzalemba kuti "chosayaka" pa mgolo wa petulo, ndipo wina adzasutira fodya pomwepo. N'chifukwa chake pa katundu wambiri pamalembedwa flammable m'malo mwake.

M'Chichewa momwemu, ku- wa mu kulima n'ngosiyana ndi ku- wa mu kumunda. Kufanana kwa malembo sikutsimikiza ubale wa matanthauzo. Motero tikupempha okonza mawu atsopano kuti azifufuza tsinde ndi gwero la liwu lililonse asanalimasulire.