Liwu la Driemo ndi nyengo ya manachesi

Nyimbo za Driemo ndinayamba kuzimva pa chipata cha Mwanza m'chaka cha 2023, chimbale chake cha Mzaliwa chitangotuluka. Pamalo paja phokoso silikata: mathiraki opita ku Tete akulira, osintha ndalama akukuwa, amayi akuitanira malonda. Koma liwu la mnyamatayu litamveka pa sipika ya m'golosale, anthu omwe ndinaima nawo anatsitsa mawu.

Chinsinsi chake n'chakuti salimbana ndi phokoso. Amaimba motsitsa ngati akunong'oneza munthu mmodzi, ndipo zoimbira zimam'patsa mpata. Mu "Mojo" ndi "Popo" mawu ake amamveka bwinobwino. Dalaivala amene wagona masiku atatu akudikira mapepala a katundu safuna wom'kalipira, amafuna wom'tonthoza.

Komabe ife a ku Mwanza timawadziwa manachesi. Nyengo yake ikafika msewu wonse umatsekemera, ikatha madengu amabwerera m'nyumba. Nkhawa yanga n'njakuti nyimbo zambiri za mnyamatayu zimazungulira pa chikondi, ndipo oimba mofatsa chonchi achuluka kale. Amene amakhalitsa amakhala ndi chawochawo. A Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, koma "Linny Hoo" inavinitsa achinyamata pa TikTok iwo atapitirira zaka 90, chifukwa kaimbidwe kawo palibe angakatsanzire. Nyimbo za malemu Lucius Banda tikuziimbabe popeza zinkanena za ndende, maliro ndi umphawi wathu.

Liwu Driemo ali nalo. Chomwe ndikudikira ine ndi nyimbo imene mayi wogulitsa manachesi adzaimbe yekha, sipika itazima.