Kufewetsa chithunzi si kufufuta nkhope

Chithunzi chofewetsedwa mwaluso chimakhala ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: nkhope yooneka bwinobwino mpaka nsidze, komanso kuwala kosefukira pang'ono kulowa m'malo amthunzi. Malenzi akale opangira zithunzi zotere ankachita zimenezi chifukwa kuwala kodutsa m'mphepete mwa galasi sikunkakumana pamalo amodzi ndi kodutsa pakati. Ojambula mafilimu ku Hollywood ankatchinga lenzi ndi kansalu kopyapyala kapena kupaka Vaseline pagalasi loikidwa kutsogolo kwake.

M'zaka za m'ma 1980, Michael Orton wa ku Canada ankasanjikiza mafilimu awiri a malo amodzi, ina yooneka bwino, ina yachimbuuzi, onse owalitsidwa mopitirira. Njira yomwe ambiri amatsata lero mu Photoshop kapena GIMP ndi yomweyo. Umakopera chithunzi pa layer yachiwiri, kuithira Gaussian Blur, kuisakaniza ndi yapansi kudzera pa Screen kapena Soft Light, kenako kuchepetsa opacity. Luso lagona pa zomwe wasiya osakhudza. Wodziwa ntchito amatenga mask n'kuchotsa chimbuuzicho pamaso, pamilomo ndi patsitsi, chifukwa munthu akayang'ana chithunzi amathamangira kumaso. Akapeza kuti maso ali mbuu, amati wojambula anaphonya basi.

Apa ndi pamene zithunzi zambiri zaukwati ndi zachinkhoswe zimalakwika. Screen imawalitsa chilichonse, ndipo ikagwera pakhungu lakuda imalitembenuza kukhala lotuwa mbuu, pamene velo ndi diresi zoyera zimasanduka chibanthu chopanda ulusi wooneka. Wokonzayo akaonjezanso kusalaza masaya mpaka timabowo tapakhungu kutha, mkwatibwi amatuluka ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Mankhwala ake ndi osavuta: kuwalako kuthiridwe pamalo owala kale okha, monga pavelo, pamaluwa ndi padzuwa lochokera kumbuyo, ndipo mithunzi ibwezeredwe mdima wake ndi Curves.

Mu 1932 Ansel Adams, Edward Weston ndi anzawo anayambitsa Group f/64 ku California pokana zithunzi zachimbuuzi zotsanzira zopentapenta. Sikuti kufewetsa n'kulakwa, koma nkhawa yawo idakali yomveka: chimbuuzi chimabisa mosavuta ntchito yosalongosoka. Choncho musanapereke chithunzi kwa mwiniwake, zimitsani layer yapamwambayo. Ngati chapansicho chili chofooka pakuwala ndi pakaimidwe ka munthu, Gaussian Blur sangachipulumutse, ndipo kasitomala akulipira chinthu chomwe foni yake imachita ulere.